Bambo Hinnerk ndi Nkhono za Mnansi

Mundikhululukire polimba mtima n'kugwira cholembera. Sindinalembepo zoti anthu awerenge, ndipo ndime inoyi ndaifufuta kangapo.

Kuno ku Bremen tili ndi liwu lakuti krakeelen, kukangana mokuwa mpaka anthu kusuzumira m'mawindo. Ndafufuza mosamala, akuti ndi liwu lakale la kuno kumpoto kwa dziko lino. Ngati ndalakwitsa, odziwa andikonze. Koma mwini wake weniweni wa liwuli ndi bambo Hinnerk Dreyer, omwe adakalamba akuyendetsa basi.

Atapuma pantchito, moyo wawo wonse udali pa kadimba kawo m'timinda ta kunja kwa tauni, momwe malemu akazi awo adadzala mtengo wa maapozi. Kuseri kwa mpanda kumalima mayi Gesche.

"Inu mayi Gesche! Nkhono zanu zandithera kabichi!"

"Zanga? Zakuonetsani chitupa? Kabichi wakenso uti, timitu ta mbewa timeneto?"

Tsoka lake, mkanganowo ankauyamba masana, nthawi yomwe lamulo la m'timinda limati aliyense apume, ngakhale makina otchetchera asalire. Wapampando wa komiti yoyang'anira timindato adatopa nazo.

"Bambo Dreyer, mukadzakuwanso masana, dimba tilanda, ndi mtengo womwe."

Bambo Hinnerk adachita mantha. Mawa lake adapeza nkhono pakabichi, nasendera kumpanda n'kunong'ona.

"Mwati chiyani?" adatero mayi Gesche, omwe khutu lina silimva. "Mwadwala kodi? Yankhulani ngati munthu!"

Mkuluyo adayang'ana mtengo, nameza mawu, nkhope ili psuu. Sabata idatha chomwecho, mpaka chakudya chidayamba kumukanika.

Ndi mayi Gesche amene adabwera okha pakhomo la kadimba.

"Valani chipewa, nkhalamba inu. Lamulo lawolo limathera pageti la timindati."

Adatuluka, naima pokwerera basi.

"Nkhono zanuzo!" adabangula bambo Hinnerk, njiwa n'kubalalika.

"Eyaa, tsopano ndamva! Bodza lokhalokha!"

Mpaka lero masana amakakanganira komweko. Mayi Gesche amanyamula khofi ndi keke, bambo Hinnerk amati keke ndi youma, koma amatsiriza. Dimba likadali lawo.

Inenso ndili ndi kadimba m'timinda tomweto. Nthambi za mtengo wa mnansi wanga zikutchinga dzuwa pa nyemba zanga, ndipo ndimangomupatsa moni. Mawa ndikamuitanira kunja kwa geti. Mawu oyambira ndawakonza kale, ngakhale mwina ndiyamba ndi kupepesa.