Chikwanje cha a Isake ndi Chingwe cha Buluu

A Isake anadulira tiyi pa esiteti moyo wawo wonse, ndipo atapuma ntchito manja awo sanamve nawo uthengawo. M'munda wa tiyi mitengo imadulidwa yofanana pamwamba, imene timati tebulo, ndiye iwo chilichonse chosongoka chinkawayabwa m'maso. Ine mnansi wawo anandiuzapo pamaliro penipeni kuti ndevu zanga zikufunika kapitawo.

Ankakhala ndi mwana wawo Josephine, kalaliki wa ku fakitale. Mu 2009 Josephine anabwera nako kuchokera ku Limbe kabokosi ka tinyanga tiwiri, komwaza intaneti m'nyumba popanda waya. Ataona mmene bambo ake ankatiyang'anira tinyangato, anakaika kuchipinda kwake, kumene kunalinso waya wa telefoni.

Laputopu ya Josephine inkagwira intanetiyo m'malere, koma inali ya kampani, Loweruka ndi Lamlungu inkagona kuofesi. Panyumba panali chikompyuta chakale cha pabalaza, chosamva kanthu popanda chingwe. Josephine anatulutsa chingwe chachitali cha buluu pawindo lake, n'kuchiyendetsa pamwamba pa heji, mpanda wa zitsamba wa m'mbali mwa nyumba, mpaka kukachilowetsa pabalaza. Zonsezi zinali zokonzekera Lamlungu masana, pamene mchimwene wake Dave ankafuna kuonetsa pa kompyuta mwana wake wakhanda ali ku Joni. Anali mdzukulu woyamba wa a Isake.

Mkuluyo sankagwirika ndi chimwemwe. Anauza mlonda, anauza dalaivala wa thirakitala, ine anandiuza kangapo konse. Lamlungu m'mawa anavala jekete, kenako anakumbukira kuti mlendo salandiridwa pauve. Anatenga chikwanje chawo n'kupita pa heji. Khwaa! khwaa! akuimba. Kanthu ka buluu kanali katatukuka pamwamba pa masamba.

Titathamangira kukuwa kwa Josephine, tinawapeza akumanga mbali ziwiri za chingwe chodukacho ndi luzi.

"Ababa, imeneyo ndi kebulo! Mwadula netiweki!"

"Inatuluka pa tebulo, mwanawe. Koma ndamanga fundo yolimba, iphuka."

Sinaphuke. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma kenako ndinamumvera chisoni mkuluyo. Ku Limbe kogula chingwe china ndi kutali, komanso linali Lamlungu.

Josephine anapeza kachingwe kamene kanabwera ndi kabokosi kaja, kotalika ngati mkono basi. Tinanyamula chikompyuta chonse kupita nacho kuchipinda kwake, ndipo chinagwira nthawi yomweyo. A Isake anafika pakhomo la chipindacho n'kuima njii.

"Lowani ababa, Dave ali pa laini!"

"Ine? Kuchipinda kwa mwana wanga wamkazi, wamkulu? Ayi ndithu, sizichitika."

Tinawachonderera, iwo mutu pukupuku, misozi ili lendelende. Josephine anangokankhira tebulo lake pawindo, n'kutembenuza sikirini ndi kamera kuti ziyang'ane panja. Mkuluyo anathamanga kuzungulira nyumba ngati mnyamata, nakaima m'kati mwa heji yomwe ija, jekete ili mbuu ndi masamba.

Chithunzi chinkadukaduka, koma khandalo linaoneka, tsitsi lili njoo pakati pamutu.

"Ababa, tamutcha Isake," anatero Dave.

A Isake anagwira zitsulo za pawindo ndi manja onse awiri, akulira uku akuseka.

"Tsitsilo musalimete," anatero. "Aliyense asamukhudze. Mubwere naye kuno, ndidzalinganiza ndekha."