Dzina limene ndinadumpha

Mwera ukayamba kuwomba, ndimakumbukira amayi atagwada pamkeka kwathu ku Lifuwu. Bambo akapita kokapha nsomba ku Mbenji, tinkawapempherera m'mawa uliwonse, kutchula aliyense wa m'boti ndi dzina lake.

Tsiku lina mphepo itakula, amayi anati ndipemphere ine. Ndinatchula onse, koma ndinadumpha dala a Nkhoma, amene anandikwapulapo nditaba usipa pathandala pawo. Ndinkaganiza kuti Mulungu amapulumutsa otchulidwa okha.

Nditati ameni, amayi sanadzuke.

"Wasiya munthu mmodzi," anatero.

"Aja ndi oipa, amayi."

"Akwera boti limodzi ndi bambo ako. Ukufuna limire mbali imodzi?"

Ndinagwadanso msangamsanga, n'kuwatchula mokweza.

Onse anabwerako. Mpaka lero, ndikamapempherera anthu, ndimayambira dzina limene likundiwawa mkamwa.