Makala pa Mpanda wa ku Area 10

Ndikukumbukira mpanda woyera wopakidwa laimu ku Area 10, kumene bambo anga ankasamalira maluwa ndi kapinga. Ife tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri. Mwana wa abwana, Tadala, anali msinkhu wanga, ndipo adona akatuluka ndi galimoto ankazemba n'kubwera kwathu.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, anabwera ndi masamu a kusukulu kwawo. Lamulo lake linali losavuta: uyambe ndi 2, uchulukitse manambala onse amene uli nawo, uwonjezere 1, ndiye wapeza nambala yotsatira. Tinapeza 3, kenako 7, kenako 43. Onsewa anali manambala osagawika, oti sungawagawe ndi nambala ina iliyonse popanda chotsala, kupatula 1 ndi mwini wake. Yotsatira inali 1807, ndipo funso linali lakuti, kodi nayonso ndi yosagawika?

Tadala ndiye anatola khala pambaula ya mayi n'kuyamba kulemba pampanda. Ine ndinatola langa. Tinaona kuti 2, 3, 7 ndi 43 onse akusiya 1, chifukwa cha 1 tinawonjezera uja. Tinayesa 5, yakana. 11, yakana. Nditayesa 13, chinambalacho chinasweka: 13 kuchulukitsa ndi 139. Tinavina, manja ali bii, mpaka sitinamve geti likutsegulidwa.

Adona anayang'ana mpanda, kenako mwana wawo. Tadala anabisa manja kumbuyo n'kundinamizira kuti ndalemba ndine ndekha. Adona anawaona manjawo, ndikulumbira kuti anawaona. Koma anaitana bambo anga n'kuwauza kuti ngati akulephera kulera mwana, alipo ambiri pageti ofuna ntchitoyo.

Bambo anavula chipewa.

"Pepani madamu, mwanayu ndi wopusa."

Anathyola nthambi ya gwafa n'kundikwapula pomwepo, adona ataima pakhonde. Kenako ndinachapa mpanda wonse ndi chiguduli, madzi akuda akutsikira m'zigongono. Zikwapu zinapola msanga. Chimene sichinapole ndi liwu lakuti wopusa, lotuluka pakamwa pa munthu amene ankanyadira malipoti anga akusukulu kwa mlonda aliyense wa mumsewu uja. Madzulo anandigulira mandasi, ine ndinakana kudya. Ndinawakwiyira nthawi yaitali ndisanazindikire kuti mkwiyowo ndaulozetsa kolakwika.

Lero mipanda ya ku Area 10 inatalika, pamwamba anaikapo waya wamagetsi, ndipo mwana amangofunsa foni n'kupeza yankho asanaphethire. Ine ndimagwira ntchito ku City Centre. Chaka chatha ndinakumana ndi Tadala pamzere kubanki. Anandikumbatira, nati ubwana wathu unali wokoma, kenako anafunsa ngati madala aja akadali amphamvu, poti akufuna munthu wa maluwa. Ndinamuuza kuti tinawaika m'manda kumudzi, ndipo ndinasamukira pamzere wina.