Timu Yako Yasankhanso Osewera, Yohane

Yohane mnzanga, lero ndikulephera kukhazikika. Ndaona pa foni kuti timu yako ya mpira wa ku America ija yasankha anyamata atsopano a m'makoleji, yatenganso ena amene makontrakiti awo anatha kwina. Ndangokhalira kuzungulira pa geti lathu lolondera lija ku JLT, kuno ku dziko la eni, masiki kukamwa, ngati ndataya kiyi. Ukukumbuka chaka chatha, korona atatitsekera m'chipinda cha kampani ku Hor Al Anz? Unandikhazika pa bedi lako n'kumandifotokozera za kasankhidwe ka osewera, ine ndikukuseka kuti timu yako yathera kumchira. Iwe, uku ukutsokomola, unati, "Aise, kumeneko womaliza ndiye amayamba kusankha. Chaka chamawa tidzuka, inshallah, Mulungu akalola." Sabata yomweyo ambulansi inakutenga, ndipo sanatilole n'kukuperekeza komwe. Sunabwererenso.

Osewera unkawatchula aja ambiri awachotsa. Kampani nayo sinachedwe, pa bedi lako pakugona munthu wina wa ku Chipata, wabwino ndithu, koma za mpirawu sadziwa. Dzulo anandifunsa timu imene ndimasapota, ndinatchula yako. Inatheranso kumchira, ndiye yayambanso kusankha. Chaka chamawa unkanena chija ndi chino, aise. Nanga ndiseka ndani?