Timizere ta Pamimba pa Amayi

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kuwakayikira amayi anga. Tinkakhala awiriwiri ku Nkolokosa, poti abambo anali ku Joni. Amayi ankagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, choncho atanena kuti akupita ku Lusaka kukaoda katundu, sindinadabwe. Ndinadabwa atabwerako chimanjamanja, kupatula chienivelopu chachikulu chomwe anachibisa pansi pa matiresi.

Ine ndinabadwa wosapitidwa kanthu, ndiye ndinayamba kuwalondalonda. M'mawa uliwonse ankamwa makapu atatu a madzi akuyang'ana wotchi, kenako n'kukhala duu, atapana miyendo, osapita kuchimbudzi mpaka nthawi itakwana. Tsiku lina akuvala ndinaona timizere takuda pathupi pawo: m'chiuno kumanzere, kumanja, ndi pansi pa mchombo, tomatidwa ndi kapulasitala koonekera mkati. Mphini ndinkazidziwa, anzanga ena kusukulu anali nazo. Koma amayi anga, mayi wamvano wathunthu, kukatemedwa kwa sing'anga?

Ndinathamangira ku Chilobwe kwa azakhali, mlongo wa abambo, omwe chikhalire sankawakonda amayi. Anabwera amayi ali kumsika, ndipo ine ndemwe ndinatulutsa enivelopu ija. Munali zithunzi ziwiri zakuda za m'kati mwa thupi. Azakhali anaziyang'ana padzuwa la pawindo, chimodzi pamwamba pa chinzake, koma sizinkagwirizana.

"Taona iwe," anatero. "Apa chithumbachi chatupa, apa chafwata. Munthu mmodzi angakhale ndi mimba ziwiri? Chinachi n'cha munthu wina. Amako akuyenda njira zamdima, ndipo achimwene ali kutali."

Loweruka masana amayi anamwa mankhwala awo a ululu n'kugona tulo tofa nato. Ndinatenga kansalu ndi sopo, ndinamatula mapulasitala aja pang'onopang'ono, n'kupukuta mpaka khungu linayera. Ndinasangalala kuona kuti sizinali zotema. Ndinkadziona ngati ndawalanditsa kwa Satana.

Atadzuka sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya. Anangoyang'ana pamimba pawo nthawi yaitali.

"Chisomo mwanangu, wafufuta njira," anatero motsitsa mawu. "Ndili ndi khansa ya khomo la chiberekero. Ndimaopa kukuuza."

Anandifotokozera kuti ku Lusaka kuli makina owotcha chotupa, omwe kuno kunalibe nthawi imeneyo. Madokotala anali atawajambula n'kulemba timizere tija kuti tsiku lowotcha adzawagoneke ndendende monga anagonera pojambulidwa. Madzi aja ankamwa poyeserera kuti chikhodzodzo chizidzaza mofanana tsiku lililonse, chifukwa chikadzaza chimakankha chiberekero, chikaphwa chiberekero chimatsika. Zithunzi zonse ziwiri zinali zawo: china anajambulidwa atamwa madzi, china atataya.

Atabwerera ku Lusaka anayenera kujambulidwanso ndi kudikiranso pamzere. Anachedwa milungu itatu. Anawawotcha chotupacho, anakhala nafe zaka ziwiri, kenako anatisiya. Ngati milungu itatu ija inasintha kanthu, palibe dokotala amene angandiuze. Ndafunsapo ambiri. Ine ndi azakhali aja sitinalankhulanenso bwino, ngakhale ndikudziwa kuti kansalu kaja kanali m'manja mwanga, osati mwawo.

Masiku ano makina aja anafika kale kuno ku Blantyre, ndipo ine ndi mmodzi wa owagwiritsa ntchito. Tsiku ndi tsiku ndimachita zomwe azakhali anachita pawindo paja, koma pakompyuta: ndimaika chithunzi cha lero pamwamba pa choyamba. Sizigwirizana konse, chifukwa ziwalo za munthu wamoyo sizikhala malo amodzi ngati njerwa. Matumbo amasuntha, chotupa chimachepa, wodwala amaonda. Ntchito yanga ndi kuzisendeza mpaka zikumane, kuti moto ugwere pa chotupa, usapse malo abwino. Ndinaphunzira mochedwa kuti zithunzi zikasiyana, sindiye kuti wina wanama.

Anzanga kuntchito amandiseka kuti ndimachedwetsa mzere. Aseke. Ine ndisanalembe kamzere pamimba pa mayi aliyense, ndimamufunsa kuti, "Kunyumba muli ndi mwana wamkazi?" Akavomera, ndimatseka cholembera changa. "Muitaneni alowe, amayi. Aone ndi maso ake pamene ndikulemba."