Tsiku limene njinga ya pamadzi inatizimira pakati pa damu

Anthu ena ndikawafotokozera nkhani iyi amaseka, ati munthu wa mu Lilongwe muno angatsale bwanji pang'ono kumira pa chinthu chomwe ambirife timangochionera pa kanema? Koma ndikukuuzani zoona zokhazokha, Mulungu ndiye mboni yanga, ndipo ngakhale papita zaka zingapo, ndikamva mkokomo wa madzi osefukira ndimakumbukirabe tsiku limenelo.

Ine ndine makanika wa njinga zamoto, kashedi kanga kali chakufupi ndi msika wa Tsoka, ndipo anyamata a kabaza ambiri amandidziwa. Tsiku lina m'nyengo ya dzinja kunabwera bambo ena ochokera kumpoto, ogwira ntchito m'boma ku City Centre, munthu wofatsa wolankhula pang'onopang'ono. Anati agula njinga yamoto yoyenda pamadzi kwa mzungu wina yemwe ankabwerera kwawo, koma chinthucho chikukana kulira, ndiye anthu awalozera kwa ine. Anandifunsa ngati ndinagwirapo yotere. Pamenepa m'pamene ndinalakwira, abale anga, chifukwa m'malo monena kuti ayi, ndinayankha kuti injini ndi injini basi, palibe chachilendo. Kodi munthu ungakane bwanji pamaso pa anzako onse akukuyang'ana?

Loweruka m'mawa ndinapita kunyumba kwawo, kumayadi kuja kwa mipanda italiitali. Chinthucho chinali pa kangolo m'galaja, chofiira, fumbi lokhalokha. Nditatukula mpando ndinapeza batire itatheratu, mapulagi akuda bii, petulo wam'thanki atachita fungo lowawasa chifukwa chokhalitsa, ndipo pansi m'kati munali madzi akale obiriwira. Ndinamasula tizitsekero tiwiri ta kumbuyo kuti madziwo atuluke, n'kutiponya m'thumba la ovolosi kuti tisasowe. Ndinasintha mapulagi, kuthira petulo watsopano, kuika batire ina, koma ndikadina batani, zii. Ndinavutika pafupifupi ola lathunthu mpaka abwanawo anakumbukira kuti pali kachingwe kamene woyendetsa amamanga padzanja, ndipo kakapanda kulowetsedwa pamalo pake injini siingalire. Titakalowetsa, chinthu chija chinabangula, amayi a panyumbapo n'kutuluka kukhitchini akuwomba m'manja. Ine mtima unali m'mwamba, kudziona ngati katswiri.

Abwana anati sangadikire ulendo wa kunyanja, tikayesere tsiku lomwelo pa damu la pafamu ya mnzawo, kunja kwa tauni pang'ono. Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo, koma chifukwa mvula inali itagwa sabata yonse, damulo linali lodzaza ndi madzi ofiira, ndipo kumapeto kwake madzi ankadumpha pakhoma n'kugwera pamiyala pansi patali ndithu. Jekete yoyandamitsa inalipo imodzi yokha. Nditaulula kuti sindidziwa kusambira, anandiveka ineyo, iwo n'kunena kuti ali mwana ankasambira mumtsinje kwawo. Amayi anatsala pamtunda atagwira foni kuti atijambule.

Poyamba zinali bwino kwambiri, iwo kutsogolo ine kumbuyo, mphepo ikutiomba kumaso. Koma titazungulira kachiwiri ndinamva kuti injini ikulemera, kenako inatsokomola kawiri n'kuzima, ife tili pakati penipeni. Abwana anadina batani, inangoti gu, osazungulira. Anadinanso, chimodzimodzi. Ndinawauza kuti aone kachingwe kaja, koma kanali pamalo pake. Ndinati mwina waya wa batire wamasuka, tiimirire ndichotse mpando, ndipo tinaimirira chinthucho chikupendekera uku ndi uku. Nditasuzumira m'kati, mutu wanga unaima. Madzi anali atafika pakati pa injini, batire yamira, ndipo ankakwerabe ine ndikuona. Ndinapisa m'thumba kuti mwina muli sipanala, zala zanga n'kukhudza tizitsekero tiwiri tija.

Mukudziwa mmene zimakhalira munthu ukazindikira kuti wadzipha wekha, ndipo waphanso mnzako wosalakwa? Mabowowo anali kumbuyo pansi pa madzi, ndipo ndinayesa kugona chamimba kuti ndiwafikire, koma kulemera kwanga kunangomiza kumbuyoko msanga, kachitsekero kamodzi n'kundipulumuka m'manja. Ndinayesa kukapa madzi ndi chipewa, koma chipewa chingathe damu? Zonse zimene ndinkadziwa pa injini zinathera pomwepo. Ndinangodinabe batani lija ngati wamisala, ndikudziwa bwino lomwe kuti injini yomwa madzi siizungulira.

Kenako abwana anandigwira paphewa n'kundilozera kutsogolo. Mitengo ya m'mbali inkayenda. Madzi ankatikokera kukhoma kuja pang'onopang'ono, ndipo mkokomo unkakulirakulira. Kumtunda amayi anali atataya foni, akuthamanga m'mphepete akukuwa kuitana anthu. Posakhalitsa kumbuyo konse kunamira, mphuno yokha n'kutsala m'mwamba, ife tili m'madzi mpaka m'khosi titakangamira chiwongolero. Abwana anayesa kupalasa ndi miyendo kuti atikankhire kumbali, koma sipanapite nthawi anayamba kupuma movutikira, milomo itayera, n'kundiuza motsitsa kuti amadwala mtima ndipo sangathenso. Ndinafuna kuvula jekete kuti ndiwapatse koma zala zinakana kumasula malamba, kaya kunali kuzizira kaya mantha, ndisaname, sindidziwa mpaka lero.

Ndili m'madzi momwemo ndinawaululira kuti tizitsekero ndinaiwala kubwezera ndine. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, koma anangondiyang'ana n'kunena kuti achimwene, zimenezo tikakambirana kumtunda, panopa tipemphere. Anapemphera m'chinenero chakwawo, ine m'Chichewa, ndipo ine pemphero langa linali mayina a ana anga atatu basi, kuwatchula mobwerezabwereza.

Chomwe chinatiimitsa ndi mtengo wouma womwe unamira pomwe ankamanga damulo. Chinthucho chinakodwa m'nthambi zake, khoma lili pafupi moti tinkaona thovu likuuluka. Tinakhala pamenepo nthawi yomwe kwa ine inali ngati tsiku lonse, nthambi ikulira kuti tswa tswa, ife osatha kuchita kalikonse koma kugwira. Antchito a pafamupo anabwera ndi zingwe zomangira fodya, koma akaponya sizinkafika. Mayi wina wolima pamenepo ndiye anawauza kuti alumikize zingwezo, amangirire chubu cha thirakitala, apite mbali yomwe madzi ankachokera akachisiye kuti madzi omwewo achibweretse kwa ife. Ulendo woyamba chinatidutsa patali, wachiwiri abwana anachikola ndi phazi. Ndinawakakamiza kuti ayambe ndi iwo popeza analibe jekete, ndipo nditatsala ndekha pamtengo paja ndinalira mokweza ngati mwana. Atandikoka ine, sipanathe mphindi zambiri nthambi inathyoka, njinga ija n'kupita pakhoma. Zidutswa zake anakazitola kumunsi mawa lake.

Abwana anagona m'chipatala masiku atatu. Ine ndinkangoyembekeza apolisi, osadya, osagwira ntchito. Patatha sabata ziwiri anabwera okha kushedi, ataonda, n'kukhala pa benchi. Anati sanabwere kudzandiimba mlandu, chifukwa nawonso buku la malangizo a chinthucho linali m'galimoto tsiku lonse lija ndipo sanalitsegule n'komwe, komanso ndi iwo amene anaumirira kulowa m'damu losefukira. Koma anandifunsa funso limodzi, kuti n'chifukwa chiyani sindinawauze poyamba paja kuti sindinagwirepo chinthu chotere.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu anatisungira mtengo uja, komanso kuti chimene chinatsala pang'ono kutipha si madzi ayi, koma manyazi anga okana kunena kuti sindidziwa. Ndiye inu amisiri anzanga, munthu akakubweretserani chinthu chachilendo, muuzeni zoona ngakhale anzanu akusekeni. Njinga ya pamsewu ikazima umatsika n'kuikankha mpaka kunyumba, koma pamadzi palibe potsikira.