Ndinawanenepetsa Ndekha

Amuna anga anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Naisi, ndipo m'mawa uliwonse ankapalasa njinga kuchoka kwathu ku Malemia kupita kumeneko. Anali munthu wa thupi lapakatikati, wosaonda, wosanenepa, ndipo panalibe amene ankalabadira za thupi lawo mpaka chaka chimene mwana wathu wachiwiri anayamba sukulu.

Chaka chimenecho anadwala chifuwa chachikulu. Anaonda mpaka malaya awo ankaoneka ngati obwereka. Tinakayezetsa tonse awiri, kachilombo sanatipeze nako, koma pepala la kuchipatala silitseka pakamwa pa anthu. Masiku amenewo munthu akaonda, mlandu wake unali utaweruzidwa kale. Azimayi anasiya kubweretsa nsalu zawo. Mnyamata wina wofuna suti ya ukwati anakasoketsa ku Zomba, akuti telala wa pa Naisi safika Khirisimasi. Ku tchalitchi anzanga ankandipatsa moni maso ali pakhosi panga, kuwerenga mafupa. Zimenezo sindinaziiwale, ndipo sindinakhululuke.

Atachira ndinalumbira mumtima kuti palibe adzatilozenso chala. Pafupi ndi makina awo panali bambo wina wachisilamu wopha mbuzi, munthu wabwino mtima, amene anayamba kutisungira nthumbwana, mang'ina ndi nyama yonona. M'mawa ndinkawakazingira mazira, tiyi wa mkaka, shuga masipuni atatu. Masana ankadya pachiwaya, madzulo ankapeza nyama kunyumba. Ana ankanyambita msuzi, ine ndinkatola mafupa, osadandaula. Patatha zaka zitatu mimba inatsogola, khosi linalowa m'mapewa, njinga anaikoleka n'kuyamba kukwera minibasi. Makasitomala anabwerera. Omwe aja ankawaika m'manda ali moyo anayamba kuwaitana kuti abwana. Kenako anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo sindikhulupirira kuti anasankhidwa chifukwa cha mapemphero okha.

Tinakhala choncho zaka zambiri, ana mpaka anakula. Tsiku lina kuchipatala chathu chaching'ono kunabwera anthu a kafukufuku wa matenda a mtima. Ankayeza bipi, kukweza anthu pasikelo ndi kutenga magazi pang'ono m'kabotolo. Amuna anga anapita chifukwa mkulu wa mpingo amayenera kuonetsa chitsanzo. Patapita milungu ingapo anawaitananso, ndipo ndinawaperekeza.

Nesi wake anali mayi wodekha. Anayala pepala lachingerezi patebulo, nambala zina atazizunguliza ndi inki yofiira.

"Bambo, m'magazi mwa munthu aliyense muli tinthu timene timatchedwa ma amino asidi," anatero. "Timachokera ku zakudya zomanga thupi monga nyama, mazira ndi mkaka. Popanda timeneti thupi silingamangike. Koma mwa inu mitundu ina yachuluka, ndipo bipi yanunso yakwera. Kwa munthu wonenepa amene amakhala pampando tsiku lonse, limeneli ndi chenjezo loti mtima uli pangozi."

"Ndiye kuti timeneti ndi tomwe timapha?" ndinafunsa ine.

"Sindinganene choncho, mayi. Tili ngati utsi. Utsi suotcha nyumba, koma ukauona sukhala pansi. Achepetse nyama yonona ndi shuga, aziyenda, thupi litsikeko. Mubwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi."

Ndinatuluka nditakwiya. Thupi limene ndinalimanga ndi manja anga, ana anga akunyambita msuzi, mayiyu ankati ligwetsedwe. Koma amuna anga anamva. Anatsitsa njinga, n'kuipopa. Ine ndinayamba kuphika nandolo, nyemba, usipa ndi masamba otendera, nyama kamodzi pa mlungu. Patatha miyezi inayi anakhala pamakina awo n'kuchepetsa buluku lawo la Lamulungu, kupinda kawiri kumbuyo. Anandionetsa akuseka. Chitunda chochokera kumtsinje wa Domasi, chimene kale ankapumirapo kawiri, tsopano ankachikwera akulankhula.

Anthu nawo anaona. Potuluka m'tchalitchi mnzanga wina anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena motsitsa mawu kuti, "Abambo aja tikuwapempherera." Sindinamupemphe pemphero. Maso aja anabwereranso pakhosi panga.

Loweruka lina kunabwera alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, kuchokera ku Malosa, atanyamula tambala m'manja. Amuna anga anali akamwini pamudzi pathu, choncho mlongo wawo akabwera osaitanidwa, unkadziwa kuti kwawoko akhalirana pansi. Ndinawayalira mkeka. Moni sanautalikitse.

"Alamu, achimwene anga mukuwadyetsa chiyani?"

"Zimene ananena a nesi."

"A nesiwo ndi amene anakwatiwa pakhomo pano?" Anakonza chitenje chawo. "Kwathu anthu akuyankhula. Ngati achimwene ali pa mankhwala aja, tiuzeni, ndife abale. Ngati mwatopa nawo, tibwezereni tikawasamale tokha."

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga pepala la a nesi lija. Ndinafotokoza momwe ndinamvera, kuti m'magazi mwawo mwachuluka zinthu zochokera ku nyama. Alamu analitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Chibadwire changa ndimamva kuti munthu wadwala chifukwa magazi achepa. Timamupatsa mazira ndi chiwindi. Lero inu mukuti munthu wadwala chifukwa m'magazi mwachuluka zomanga thupi? Kukhuta kwasanduka matenda liti?"

Mawu a nesi anali olondola m'chipinda muja, koma pamkeka paja ankamveka ngati bodza la mkazi waulesi. Ndinadzuka, ndinapha tambala uja, ndinamukazinga ndi mafuta ambiri kuti fungo lifike kwa aneba. Nditaika mbale patsogolo pawo, amuna anga anandiyang'ana.

"Mayi, nanga a nesi aja?"

"Idyani, ndi lero lokha."

Silinali lero lokha. Lolemba ndinapita ndekha pa Naisi kukauza bambo wa mbuzi uja kuti ayambirenso kutisungira. Sindinamizira amuna anga kuti anandikakamiza, ngakhale nyama ankaikonda ndipo sanakane nthawi yaitali. Sindinamiziranso kusadziwa. Ndinamva bwinobwino zimene nesi ananena, utsi ndinauona, koma ndinaopa pakamwa pa anthu kuposa nambala zofiira. Mtima wa munthu suoneka potuluka m'tchalitchi, khosi limaoneka.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana sitinabwerere kuchipatala. Ndinkadziwa zimene sikelo ikanena. Njinga inabwerera pamsomali wake, ndipo tsiku lina ndinawapeza akusula ndi lezala mopinda muja m'buluku lawo. Ulendo uno sanandionetse. Anzanga anasiya kutipempherera, wina mpaka anandiyamikira kuti abambo abwerera mwakale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zinachitika Lachitatu, dzuwa lisanafike pamutu, chaka ndi theka chitadutsa. Ankasoka yunifolomu ya sukulu. Anauza bambo wa mbuzi uja kuti akumva kulemera pachifuwa, mwina ndi chilungulira. Bamboyo atabwerako kokatenga madzi, anawapeza atatsamira mutu pamakina, nsalu ikadali pansi pa singano. Anaimitsa galimoto yopita ku Zomba, koma anafika nawo atatha kale. Dokotala anati ndi mtima. Ndinamufunsa ngati inali nyama. Anati matenda otere sabwera ndi chinthu chimodzi, palibe angaloze motsimikiza. Anali munthu wachifundo, koma ine ndinkadziwa zimene ndinkaika m'mbale.

Achibale atandipempha zovala zowaveka, ndinapereka buluku la Lamulungu lija. Tizibowo ta singano tinkaonekabe kumbuyo, mizere iwiri. Bokosi anachita kulikulitsa, ndipo onyamula ankasinthana pafupipafupi panjira ya kumanda.

Tisananyamuke, ndili pansi m'nyumba ya siwa pakati pa azimayi, alamu anga anasiya kulira n'kulankhula mokweza kuti onse amve.

"Achimwene apita ndi thupi lawo lonse. Mwaona nokha. Palibe anganene kanthu pa maliro ano. Alamu anga anawasamala."

Azimayi onse anavomereza, ndi uja wopempherera yemwe. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti zikomo, chifukwa amenewo ndiwo mawu amene ndinkawaphikira zaka zonsezo.